Belu la Lero Aliza Ndi Iwo

Abusa, akulu ampingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo lero mundipirire, ndiyankhula modzitama pang'ono. Ndayenda chowerama nthawi yaitali.

Ambiri mukudziwa kuti amuna anga, bambo a Esinati, anakhalapo kundende. Mlonda wina anawaloza kuti ndiwo anadula bulugama wa esiteti, chonsecho tsiku limenelo tinali limodzi tikuthyola tiyi, dengu kumsana. Anakhala pa limandi zaka, mlandu osazengedwa, mpaka tsiku lina anangowauza kuti kazipitani. Ndinavina ine. Ndinati basi zatha. Abale, zinali zisanathe.

Kundendeko chitsulo chikalira, aliyense amanyonyomala pamzere, manja kumutu, kuti awerengedwe. Nanga kwathu kuno chimatiitana n'chiyani? Kuesiteti ndi chitsulo. Kusukulu ndi chitsulo. Pano patchalitchi si limu ya gudumu la thirakitala ija ili pamtengo wa mapeyala? Lamulungu loyamba iwo atabwera, nditawachapira malaya bwinobwino, tikungofika pabwalopo, belu linalira. Munthu wamkulu, bambo wa ana anayi, ananyonyomala pafumbi, manja kumutu. Ena munaseka. Musayang'ane pansi amayi kumbuyoko, ndinakhululuka kalekale. Koma tsiku limenelo zinandipweteka kwambiri.

Kuyambira pamenepo sanatulukenso m'nyumba. Kutchalitchi ayi, kuntchito ayi. Chitsulo cha esiteti chikalira m'mawa, ndinkawapeza atanyonyomala kuseri kwa chitseko. Akapitawo anatumiza mawu kuti mvula ikagwa, tiyi n'kuphuka, iwo osaoneka, malo awo apatsa wina. Mwamuna ndinali naye m'nyumba, koma ndende inali isanandibwezere munthu wanga. Ndinapemphera, abale. Ndinapemphera mpaka mawu kuuma.

Ndiye kunabwera aphunzitsi atsopano aja ochokera kumpoto, ndi wailesi yawo ya kaseti. Anatiuza ife a kwaya kuti tipange sewero lomvera ndi makutu okha: phokoso la m'ndende, kenako phokoso la munthu womasuka. Za ufulu sizinavute. Tinajambula mvula ikugwa pamasamba a tiyi, ana akusewera, amayi tikuimba pothyola. Za ndende ndiye zinatikanika, poti m'kwayamo munalibe amene anagonako. Ine anandipatsa gawo la chitseko cha selo.

Ndinkayeserera pakhonde, ndi chivundikiro cha poto ndi khasu. Ndikugogoda choncho, ndinamva mawu m'nyumba.

"Mayi a Esinati, chimenecho ndi chitseko cha ndende kapena cha khola la nkhuku?"

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati, "Nanga ine ndinamangidwapo? Odziwanu tulukani mudzapange."

Anatuluka. Abale, anatuluka. Anatenga fosholo n'kuikhwekhwereza pamwala, n'kumenyetsa tcheni cha njinga pamgolo, kenako anandikwezera dzanja kuti ndisapume n'komwe. Panali zii. Anati, "Chimene chimawawa si chitseko ayi. Ndi zii ameneyu. Muwauze aphunzitsi asamudule." Ndinati mukawauze nokha. Mawa lake tinapita limodzi.

Tsiku lojambula tinasonkhana pansi pa mapeyala paja. Makiyi analira, mbale za malata zinalira, iwo akutitsogolera. Kunatsala belu lowerengera akaidi. Aphunzitsi, poopa zimene zinachitika zija, anati tikhoza kulidumpha. Bambo a Esinati anati, "Ayi, lilire. Koma ndilize ndine."

Ananyamula chitsulo chomenyera. Ine sindinayang'ane nkhope yawo, ndinayang'ana mawondo. Mumtima ndikuti Yesu, gwirani mawondo awa. Anamenya, ngeee. Mawondo anapindika pang'ono. Anamenyanso. Anawongoka. Anamenyanso, anamenyanso, ali chiimire, misozi ili mbwembwembwe, mpaka anthu a kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti, anabwera akuthamanga kuyesa kwabuka moto. Aphunzitsi sanazimitse wailesi, ndiye n'chifukwa chake pakasetipo mumamva mayi wina akulira mokweza ngati mwana. Ndine ameneyo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kaseti ija munaimva m'holo muja mutatsinzina. Pa zii paja palibe anatsokomola. Amayi ena amene mwana wawo akadali m'ndende anabwera kudzagwira amuna anga chanza, anthu onse akuona. Amene ankasekedwa aja. Mvula itagwa ananyamula dengu, ndipo chitsulo cha esiteti chimawapeza ali panjira.

Zikomo abusa chifukwa cha mapemphero, zikomo aphunzitsi, zikomo a kwaya. Koma ulemu wonse upite kwa Mulungu amene amatsekula ndi zitseko zosaoneka zomwe.

Tsono belu limene lakuitanani m'mawa uno, ena mwabwera mukuthamanga mpango uli m'manja, mukudziwa amene waliza? Bambo a Esinati, taimirirani akuoneni. Musachite manyazi, imirirani. Mwawaona? Aima. Amayi, ndithandizeni nthungululu. Amen.