Njira ya Anthu Osapita Kulikonse

Kwa zaka makumi awiri mayi Pauline ankadutsa m'kankhalango ka pakati pa gombe ndi msewu waukulu, beseni la nsomba pamutu, kuthamangira minibasi ya ku Khombedza. Lolemba lina anapezapo geti, chikwangwani chonunkha penti, ndi a Pitala a m'mudzi mwawo atavala yunifolomu.

"Mukupita kuti, mayi?" anafunsa a Pitala atatambasula dzanja.

"Ku Khombedza."

"Ndiye simudutsa."

"Ku Khombedza kwagwa zotani?"

"Kuli bwino. Koma komiti yosamala nkhalango yati njira iyi tsopano ndi yongopitidwiramo mphepo. Ndi ya anthu osapita kulikonse."

"Alipo anthu otero, bambo?"

"Ambiri. Amachoka ku Lilongwe pagalimoto kudzayenda wapansi kuno."

"Galimotoyo itafa?"

"Ili bwinobwino. Amaisiya apa."

Mayi Pauline anayang'ana dzuwa. Kuzungulira kudambo kukanawadyera maola awiri, ndipo utaka wauwisi sudikira munthu. Ntchentche zinali zitayamba kale kulonjerana pabeseni.

"Chabwino," anatero. "Inenso sindikupita kulikonse."

A Pitala anatulutsa kabuku ka malamulo, nanyowetsa chala. "Nanga nsombazo?"

"Zabwera kudzaona mitengo. M'nyanja mulibe."

A Pitala anatembenuza masamba onse mpaka kuchikuto. "Lamulo silikuletsa. Koma mlendo sayenda yekha, ndiponso sasenza katundu. Imeneyo ndi ntchito yanga."

Anawatula beseni, nalisenza okha. Mayi Pauline anapukusa khosi uku ndi uku, lili pepuu. Chikwatiwireni panalibe mwamuna amene anawasenzerako beseni. Mumtima anati komiti imeneyi ndi yanzeru.

Atangoyenda pang'ono a Pitala anaima. "Uwu ndi mtengo."

"Ndauona."

"Dzina lake ndi mlambe. Alendo akafika pano amadabwa."

"Ine ndinkagenda malambe amenewa inu mukukwawa."

"Komabe dabwani, mayi, kuti tipitirire."

"Ndadabwa."

"Mwafulumira. Ena amazungulira kaye."

Mayi Pauline anauzungulira mtengowo akukukuta mano. Kutsogolo a Pitala anaimanso, chala pamlomo, madzi a nsomba akuchucha pakolala.

"Chete. Mbalame."

"Ameneyo ndi khwangwala. Akufuna utaka wangawo."

"Musamuopseze. Pano ndi pakwawo, ife ndife alendo."

Anafika pamphambano. Njira yakale inkapita molunjika, ndipo mawu a oitanira minibasi ankamveka chapatali. A Pitala anakhotera kumanzere, kutsata miyala yopaka laimu.

"Iii bambo, msewu uli uko."

"Uko tinatsekako, tabzalako mbawa. Yatsopano ndi iyi."

"Ndi yachidule?"

"Ndi yokongola."

Anakwera kachulu kukaona nyanja imene mayi Pauline anachokako m'mawa womwewo. Anawerama kuona ndowe za gwape. Anakhala pabenchi mphindi zisanu chifukwa chikwangwani chinati pumulani. Fungo la m'beseni linayamba kusintha, koma mayiwo anadzilimbitsa mtima kuti njira iliyonse ili ndi mathero.

Mitengo itachepa anaona geti patsogolo, nakonza chitenje. Kenaka anaona chikwangwani chonunkha penti, ndi mapazi awo omwe pamchenga.

"Bambo Pitala," anatero mwapansipansi, "apa si pomwe tinayambira?"

A Pitala anatula beseni mosamala, napukuta thukuta, nawomba m'manja mwaulemu.

"Munati simukupita kulikonse, mayi. Ndiye tafika."