Kachoso ka Pamkono wa Eusebio

Pamzere wokwerera boti la ku chilumba cha Cozumel, mayi wina wa kuchilumba komweko ankangoyang'anitsitsa kachoso kobiriwira kamene Eusebio anadinditsa pamkono, mpaka mayiyo analephera kupirira.

"Bambo, kambalame aka n'kakumtunda."

"Kakumtunda? N'kakwathu kuchilumba aka! Kankabwera pamaluwa a malemu mayi anga."

"Kathu mchira wake ndi wautali, wamphanda ngati sizasi. Uwu ndi waufupi. Anakudindani ndani?"

"Mkulu wina wa ku Cancún, kumtunda. Nanga inu zikukukhudzani bwanji? Ndakufunsani?"

"Zikundikhudza! Akumtundawo magombe anatilanda, nyumba anatilanda, lero tiziyendanso ndi mbalame zawo pathupi?"

"Amayi, samalani pakamwa panupo. Pamkono pano pali mayi anga."

"Ndiye bwererani akautalikitse mchirawo. Mayi anuwo mwawasamutsira kumtunda."