Khoma la Madontho a Nkhanga

Kale, ine ndisanapite kukaphunzira zauphunzitsi ku Tete, chimanga chikangolowa m'nkhokwe amayi onse a kuno ku Nsadzo ankatsikira kudambo ndi madengu, ndipo ankabwerako ndi dothi lakuda, katondo wofiira ndi dothi loyera, kuti atsutsute nyumba zawo. Atsikana inu, musaleke kusefa dothilo, makutu okha ndiwo ndikufuna. Mayi aliyense anali ndi maluwa akeake ojambula pakhoma ndi dothilo, moti mlendo ankadziwa mwini nyumba asanaodire. Amayi anga ankajambula madontho a nkhanga pakati pa mizere iwiri yofiira, ndipo ndi omwewo mukuwaona pakhomapa.

Chaka chatha mwana wanga Zakaliya anabwera kudzakonza chinkhoswe cha Lusiya, mwana wa mlongo wake, poti malume ndi iyeyo. Anatsika panjinga yamoto ndi zitini za utoto wa m'sitolo uja timati tinta, zithunzi za m'magalasi zogula ku Cassacatiza, komanso mmisiri wopaka.

"Amayi, alendo athu ndi a m'tauni. Khoma ili litichititsa manyazi."

Musamuseke, chifukwa mfundo anali nayo. Dothi limakokoloka ndi mvula, limathothokera pa zovala, ndipo kukalitenga kumathyola msana, pomwe tinta umapaka kamodzi n'kupuma zaka. Zithunzi zakenso zinali zokongola, mathithi a kudziko lina ndi mawu a m'Baibulo, ndipo ndinamuthandiza ndekha kuzipachika m'nyumba, chachikulu pakati, molingana ndi maso a munthu woimirira. Koma pa tinta ya mafuta dothi siligwira, limangoyoyoka. Akanapaka tsiku limenelo, madontho a amayi anga akanathera pomwepo, pakuti sakhala pena paliponse koma m'manja mwa woabwereza chaka ndi chaka.

Ndiye ndinatenga mpando, n'kukhala motsamira khomalo.

"Agogo, tasunthani pang'ono," anatero mmisiri.

"Pakani, bambo. Muyambire pamphumi panga."

Mmisiri anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti sanapakepo munthu chibadwire. Koma Zakaliya sanaseke ayi. Anati, "Munthu wophunzira ngati inu, amayi!" Ine ndinati, "Kusukuluko sanandidule manja." Anachoka osadya, ndipo mpaka lero akaimba foni amangofunsa za mbuzi zake. Zimandipweteka, sindikubisirani, mwana ndi mwana. Alendo aja anabwera, ena anayang'ana khomalo, ena sanalione n'komwe, ndipo Lusiya anakwatiwa bwinobwino.

Masiku ano mumakongoletsa nyumba ndi zimene wina wapanga kutali, ndipo sindikuletsani. Gulani, pachikani, sangalalani nazo. Koma siyaniko khoma limodzi la manja anu, ngakhale lakuseri, ndipo wina akadzabwera ndi chitini mudzamulandire mwaulemu, mumupatse madzi akumwa, koma mpando wanu musausunthe. Iwe Marita, viika chala apa. Dontho loyamba limapotoka, usalifufute.