Dishi Yotsala pa Denga

Pa siteji ya Mtendere, Monde akudikira minibasi, anamva bambo womanga madishi a TV akunyengerera mayi wina wovala zakuda.

"Amayi, kwabwera satelayiti yatsopano. Machanelo ni ambiri, vithunzi vioneka monga munthu ali pakhomo. Dishi yanu ifunika chabe kuitembenuza pang'ono."

"Musaigwire. Banaimanga ni bamuna banga."

"Manje muzatamba chani pa TV?"

"Nizatambira pa chani? Titangoika maliro, abululu bao banabwera na galimoto. TV, dikoda, mipando, vonse banatenga."

"Nanga dishi banaisiya bwanji?"

"Banaopa kugwa. Malata athu ni oola."

Bamboyo anatsitsa mawu. "Ndiye nigulitseni, mugulireko bana unga wa nsima."

"Iyayi. Ikachoka paja, komboni yonse izaziba kuti mukati mulibe kanthu."