Lembani 9 Koloko

Pasiteshoni pathu sitima imadutsa kamodzi patsiku, ukaiphonya ndi mawa basi. Tsiku limenelo wopenta anali pamakwerero, akulembanso ndandanda ya nthawi za sitima pakhoma, pomwe panatulukira mayi wina ali wefuwefu. Ukwati wa mwana wawo unali masana omwewo kutauni, ndipo amuna awo anali atabwerera kunyumba kukatenga diresi la mkwatibwi lomwe analiiwala pabedi.

"Achimwene, sitima inyamuka nthawi yanji?"

"Onani apa, mayi," anatero wopenta, akuloza ndi burashi. "Kumanzereku ndi mayina a masiteshoni. Mzere woyambawu ndi nthawi yofika, wachiwiriwu yonyamuka. Pano inyamuka 8 koloko."

"Iii, sizingatheke! Amuna anga ndi a nyamakazi. Lembani 9."

"Papepala andipatsali palembedwa 8."

"Pepalalo ndi bambo anu? Lembani 9."

"Ngakhale ndilembe, woyendetsa sitima sawerenga khomali."

"Nanga mukulembera ndani?"

"Anthu."

"Woyendetsayo ndi mbuzi?"

Wopenta anakanda m'mutu ndi burashi, tsitsi n'kuyera mbali imodzi.

"Chabwino, tiyerekeze ndalemba 9. Ndiye kuti kutauni mukafika 1 koloko m'malo mwa 12."

"Ayi! Kofikako lembani 8 koloko, ndikapeze mpata wosita diresi."

"Mayi, ndiye kuti sitima ikafika isananyamuke!"

"Nanga chitukuko si chimenecho?"

"Bodza sindilemba ine. Zaka makumi awiri ndikupenta, sindinawonjezepo ngakhale kadontho."

Mayiwo anagwira makwerero ndi manja awiri n'kuwagwedeza pang'ono. Chitini cha penti chinavina.

"Mwana wanga asakwatiwe atavala zogonera chifukwa cha kadontho kanuko. Mwamva?"

"Ndigwatu, mayi!"

"Ndiye lembani msanga musanagwe."

Abale, moyo ndi wokoma. Munthu uja analemba 9.

Nthawi ya 8 koloko inakwana, kuli zii. Mphindi makumi atatu zinadutsa, kuli zii. Wopenta ankangoti kuyang'ana wotchi, kuyang'ana khoma, kuyang'ana burashi. Itangokwana 9 koloko, sitima inalira pokhota paja n'kudzaima patsogolo pawo. Amuna aja anali akadali kutali uko kumsewu, diresi lili pamutu, akukoka mwendo.

"Mayo ine, ndafa!" analira mayiwo, manja ali kunkhongo. "Safika awo!"

"Musadandaule, mayi!" anakuwa wopenta, maso ali tong'o, akuviika burashi m'chitini. "Yamveratu! Imamvera! Ndiwonjezere mphindi zingati? Khumi? Kapena ndingolemba 10 koloko?"

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo wamkulu ngati inu, mutu ukugwira? Munaiona kuti sitima yowerenga penti? Tsikani apo, thamangani mukalandire diresilo!"