Tsiku Lomaliza la a Douwe pa Njinga

Alamu anga a Douwe Hiemstra anapalasa njinga kupita kuntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu osadumpha ngakhale tsiku limodzi, ndiye tsiku lawo lomaliza asanapume pantchito linagwera Lachisanu lija a zanyengo analengeza chenjezo lofiira m'chigawo chathu chonse chino cha Friesland. Nkhaniyi ndinaimva kwa onse awiri, iwowo ndi mkazi wawo, mkulu wanga Aukje, ndipo pomwe akusiyana ndatsata Aukje, chifukwa iyeyo sadziwa kukometsera nkhani.

Kunali kusanayere bwino. A Douwe anali ataima pawindo la kukhitchini, manja kumbuyo, akuyang'ana mtengo wa m'bwalo ukuwerama ngati munthu womanga zingwe za nsapato.

"Kamphepo," anatero.

"Si kamphepo," anatero Aukje akupaka batala pabuledi. "Pawailesi akuti namondwe. Sitima zonse zaima."

"Sitima n'za anthu aulesi."

"Chabwino."

A Douwe anadikira kuti mwina pabwera mawu ena. Aukje anaika tchizi pabuledi paja n'kudula pakati.

Ndinene poyera: alamu anga anali ndi mantha, ndipo ine sindiwaseka pa chimenecho. Njira ya kunyumba yosungira mbewu ya mbatatesi kumene ankagwira ntchito ndi makilomita khumi ndi anayi, theka lake pamwamba pa khoma lotchinga nyanja, popanda ngakhale kamtengo kobisalapo. Chimene ndimawaseka ndi pakamwa. Zaka zonsezo, mnzawo aliyense wobwera pagalimoto chifukwa cha mvula ankamutchula Mchere, ati amaopa kusungunuka. Hidde, amene amayendetsa makina osankhira mbatatesi, anavutika nalo dzinali zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Hidde yemweyo ndiye anali atasankhidwa kuti alankhule mawu otsanzikana masana amenewo. Choncho a Douwe sakanatha kunena okha kuti sapita. Ankafuna munthu awaletse, kuti akanene kuti amayi kunyumba anavuta.

Tsoka lawo n'lakuti anakwatira Aukje. Mkulu wangayo mawu amawalandira monga mmene abwerera, sawatembenuza kuti aone kunsi. Chaka choyamba cha ukwati, a Douwe anamuuza mwaukali kuti asadzayerekeze kuwaletsa kupalasa chifukwa cha nyengo. Iye anati chabwino, ndipo anasunga.

"Akazi ena," anatero a Douwe akuyang'anabe panja, "tsiku ngati lino akanaletsa amuna awo."

"Eya. Mkazi wa Hidde amaletsa."

"Ndiye n'chifukwa chake Hidde ali chonchija."

"Eya."

"Koma penanso munthu umamvetsa. Mkazi akamaletsa ndiye kuti akudera nkhawa."

"Mukufuna ndikuletseni, bambo?"

"Ine? Mundiletse ine? Ndani ananditsekerapo njira ine?"

"Palibe. Khofi wanu akuzizira."

Anakhala pansi, namwa khofi uja pang'onopang'ono ngati akumwa mankhwala. Kenaka anakumbukira, mwangozi ndithu, kuti dzulo lake tayala lakumbuyo linkaoneka lofewa, mwina laphwa, ndipo zikatero basi munthu sungachitire mwina. Aukje anavomera kuti linalidi litaphwa. Anali atalipeza mbandakucha popita kukatenga mkaka, nachotsa chubu, nachiviika m'beseni la madzi, osapeza pobooka paliponse.

"Kotsekera mpweya ndiye kanali komasuka," anatero. "Ngati munthu anachita kumasula."

"Ana a masiku ano."

"Shedi inali yokiya."

"Ana a masiku ano ndi ochenjera."

"Ndapopa. Lalimba ngati mwala."

"Zikomo, mayi," anatero a Douwe ndi mawu a munthu amene wapondedwa chala.

Anayesa buluku la mvula, nati linang'ambika pabondo sabata yatha. Aukje anali atalimata Lachiwiri. Anayesa nyali ya kutsogolo, nati imaphethira. Aukje anali ataikamo mabatire atsopano. Anayesa bondo lawo lamanzere, akulisisita ndi nkhope yachisoni, ndipo Aukje anawakumbutsa kuti dokotala ananena kuti palibe mankhwala a bondolo oposa kupalasa tsiku ndi tsiku. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Koma mkulu wangayo sankasema mwachipongwe ayi. Ankathandiza ndi mtima wonse, ndipo chimenecho ndicho chinkawapweteka alamu anga.

Panja panadutsa bini ya zinyalala ya kwa aneba awo a Bouma. Siinkagubuduzika, inkayenda choimirira pamatayala ake, chivundikiro chikutsegukatseguka, mpaka inakhota pakona ya tchalitchi.

"Mwaiona?" anafunsa a Douwe.

"Ndaiona. Ndi ya mapepala. Lero si tsiku lodzatenga mapepala."

"Mayi, bini ikuyenda yokha."

"Ndi yopepuka. Inu muli ndi makilo makumi asanu ndi anayi."

Apa a Douwe anatulutsa chida chawo chachikulu, chomwe ndi keke. Kwathu kuno mwini tsiku ndiye amabweretsa keke kuntchito, kaya ndi tsiku lobadwa kaya lotsanzika, ndipo wofika chimanjamanja amakambidwa mpaka Khirisimasi. Aukje anali ataitanitsa yaikulu kwa wophika buledi wa m'mudzi, ya anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, yofiirira pamwamba, dzina la a Douwe litalembedwa ndi kirimu. A Douwe anadandaula kuti keke yabwino chotere kuikweza pakhoma lija ndi kuichimwira, ikafika ili phala. Si za iwowo ayi, iwowo mphepo siwaopsa, koma chisoni chinawagwira ndi keke.

Aukje anapukuta m'manja, natsegula chitseko cha kukolido. Njinga inali itaima pamenepo, bokosi lathabwa pakaliyala, lomangidwa ndi malegeni anayi mopingasa. M'kati munali keke ija, ataitsendera matawulo mbali zonse.

"Ndaigwedeza," anatero. "Ndaigwetsanso dala kamodzi. Dzina lanu silinafufutike."

"Mwaganiza zonse."

"Ndinadzuka folo koloko."

Foni ya a Douwe inalira patebulo. Unali uthenga wa abwana kwa antchito onse, wakuti amene sangathe kufika bwinobwino akhale kunyumba, palibe adzamuimbe mlandu. A Douwe anauwerenga mokweza, kawiri, kachiwiriko akuyang'ana mkazi wawo pamwamba pa magalasi.

"Anthu abwino," anatero Aukje.

"Akuti amene sangathe. Inu mukuona bwanji? Ine ndingathe?"

"Mungathe. Namondwe wa chaka chimene mwana wathu Marrit anabadwa munatha."

"Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi atatu."

"Ndiye simungathe?"

"Ndani wanena kuti sindingathe?"

"Galimoto ilipo, ngati mukufuna."

"Galimoto. Tsiku lomaliza. Ndikatsike m'galimoto Hidde akuona." Anaimirira, nakoka buluku la mvula lija mwaukali mpaka mwendo umodzi unalowa kolakwika. "Kuli bwino andipeze m'ngalande."

"Ngalande iti?"

A Douwe anaima ndi mwendo umodzi, atagwira mpando.

"Mwati?"

"Mwati akupezeni m'ngalande. Ndikufunsa iti, kuti ndiwauze pokayambira. Mphepo ikuchokera kunyanja, ndiye mugwera kumanja. Ngati ndi musanafike pamlatho, ndi ya kwa a Bouma, siyozama. Mukapitirira mlatho ndi yaikulu ija." Anatsegula kabati, natulutsa chovala chonyezimira cha lalanje chimene a Douwe anakana kuvala kuyambira tsiku limene anachigula. "Valani ichi. Aziona patali."

"Mayi, mukundikonzekera maliro?"

"Ayi. Maliro munakonza kale nokha, pepala lili m'dirowa. Ine ndikukonzekera kuti akupezeni msanga."

Anavala. Anavala zonse: buluku, jekete, chovala cha lalanje, chipewa chomanga kuchibwano, magolovesi. Aukje anawaikira buledi m'thumba la njinga, nawatsegulira chitseko cha panja. Mphepo inalowa ngati inali ikudikira pakhomo. Kalendala inachoka pakhoma, nyuzipepala inakwera masitepe, ndipo kwinakwake pamwamba phale la denga linasweka pamsewu. A Douwe anatulutsa tayala lakutsogolo, naliyang'ana likunjenjemera, nalibweza. Anatseka chitseko ndi msana, nakhala pansi pa sitepe yoyamba, zovala zonse zili m'thupi.

"Bondo," anatero. "Landigwira. Sindipita. Si mphepo, mumve bwino, ndi bondo."

"Chabwino."

A Douwe anapuma mpweya wautali. Ndikukhulupirira kuti mumtima anali atayamba kale kukonza mmene akaifotokozere nkhaniyi, bondo likukula tsiku ndi tsiku. Sanaone kuti Aukje wachotsa epuloni. Anadzidzimuka atamva zipi ya jekete.

"Mukupita kuti?"

"Kukasiya keke."

"Kukasiya kuti?"

"Kuntchito kwanu. Hidde ndi anzake asanu amakhala pafupi, afika. Keke ndi ya lero, kirimu safika mawa, ndipo mawa simulinso wantchito. Simungatsanzike chimanjamanja." Anatsitsa chishalo pang'ono, nachimenya ndi chikhatho kuti chikhazikike. "Nditenga yanuyi, bokosi lili kale pamenepo."

"Tengani galimoto."

"Sindiyendetsa, mukudziwa. Mundiperekeze ndinu?"

"Ndi bondo limeneli?"

"N'chifukwa chake ndikupalasa."

Musaganize kuti ankawayesa. Ine ndinakula naye Aukje: akanapita, akanafika, akanadula keke ija m'zidutswa khumi ndi zisanu ndi chimodzi zofanana, n'kubwerako ndi bokosi. A Douwe ankadziwanso zimenezo, n'chifukwa chake anadzuka pasitepe paja mofulumira kuposa mmene bondo lodwala limalolera, naima kutsogolo kwa chitseko atatambasula manja.

Zimene anakana kumva m'mawa wonse, tsopano anazinena okha, chimodzichimodzi. Anati sitima zaima, ndipo sitima siziima chifukwa cha masewera. Anati pakhoma paja palibe pogwira, mphepo ikakutenga m'mbali sikufunsa dzina. Anati mapale akugwa, nthambi zikuthyoka, madzi a m'ngalande yaikulu ija mwezi uno amaumitsa munthu asanawerenge khumi. Aukje ankangogwedeza mutu pa mfundo iliyonse, akuvala magolovesi.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Tandipatsani njira."

A Douwe anapotokola kiyi, namuchotsa, namuponya m'kati mwa buluku la mvula lija, momwe ngakhale iwo eni sakanamupeza msanga.

"Mwakiya," anatero Aukje.

"Ndakiya."

"Ndiye ndi inu nomwe simutuluka. Keke sifika. Hidde akutchulani Mchere pamaso pa onse."

"Anditchule."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, bambo."

"Zipite. Ndiimba foni ndekha, ndimuuze kuti si bondo, ndachita mantha. Ndadzuka nawo, tayala lija ndinaphwetsa ndine." Apa ulemu wa zaka zonse unagwa pansi. "Aukje, iwe sukupita. Ukufuna ine ndiime pawindo apo, ndizikuona ukukwera khoma lija, kenaka osakuonanso, n'kumangoyang'ana foni? Mtima wa munthu sungapirire zimenezo."

Aukje anayang'ana wotchi ya pakhoma, navula golovesi imodzi, naipinda bwinobwino.

"Umapirira," anatero. "Ine ndaima pawindo limenelo m'mawa uliwonse wa mphepo chikwatirane chathu, pakamwa nditatseka. Inu mwayesa mphindi ziwiri zokha, mwabisa kale kiyi."