Penate ya Mphindi Yomaliza

"Inali penate, madala! Mpira unagunda dzanja, dziko lonse linaona."

Anali mnyamata wina pamzere wodikira basi, akukangana ndi bambo waimvi za mpira wa mayiko wa dzulo, ndime yachipulula.

"Sindikukana, mwana wanga. Koma mphindi yomaliza, zigoli zili zofanana? Woimbira uja alibe chisoni."

"Chisoni n'cha kuchipatala. Timu yanu yatuluka eti?"

"Ayi, yapambana ndi penate yomweyo."

"Nanga mukudandaula chiyani?"

"Mayi akunyumba sakundilankhula chiyambanireni. Dzulo anadzakhala pambali panga, mpira ukayandikira golo n'kumandigwira mkono. Wezulo yomaliza italira, anadzuka n'kukatsuka mbale. Ine ndimangofuna nthawi yowonjezera, basi."